Kodi Njovu Siilemedwadi ndi Minyanga Yake?



M'sabata yachiwiri ya Lenti ino tinasonkhana m'nyumba ina ku Catford kukhuza maliro amene sanali pakati pathu. Mayi a mnzathu wina wa m'kwaya anatisiya kumudzi kwawo ku Chiradzulu ali ndi zaka 88. Foni inatsamiritsidwa pa mtsuko wa maluwa patebulo, ndipo kumudziko mdzukulu wawo wina ananyamula inzake kuti tione nawo mwambo. Tinkaona mipango ya Amayi Achikatolika, mitu ya abambo pansi pa mtengo wa mango, kenaka thambo lokhalokha mkono wa mnyamatayo ukatopa. Kuno inali 8 koloko m'mawa, kumeneko 10 koloko. Tinayesa kuimba nawo nyimbo za maliro, koma mawu awo ankatipeza mochedwa, choncho tinangoti duu kumvetsera.

Mbiri ya malemu siinathe mphindi zitatu. Anabadwa m'chaka cha 1937, anabatizidwa, analimbitsidwa, anamanga ukwati woyera, anabereka ana asanu ndi anayi ndipo amoyo ndi anayi. Anali wa Legio ya Maria, sankajomba Misa ngakhale ku mphakati. Pomaliza woyankhulayo ananena mawu amene tonsefe tinawamvapo pa maliro a mayi aliyense wachikulire: anali mayi wopirira. Anthu kumudzi anavomereza, ifenso kuno tinagwedeza mitu.

Titazimitsa foni, amayi anapita kukhitchini kukakonza tiyi. Kumeneko namfedwa uja, atayedzamira furiji, anati: "Amayi anapirira, inde. Koma palibe amene watchulapo chimene ankapiriracho." Palibe anayankha. Mawuwo takhala tikuyenda nawo kuyambira tsikulo, ndipo funso limene akutifunsa ndi ili: kodi kutamanda mayi chifukwa cha kupirira ndi kumulemekeza, kapena ndi njira yathu yaulemu yokanira kudziwa amene anamusenzetsa katunduyo?

Tiyeni tiyambe taona zimene zabisala m'mawu amodzi aja. Mtsikana wobadwa mu 1937 ku chigawo cha kumwera anali ndi zaka 12 pamene njala ya 1949 inagwa. Katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, amene anafufuza za njalayi m'boma la Blantyre nalemba buku lotchedwa The Story of an African Famine mu 1987, anapeza kuti abambo ndi amayi sankaikumbukira mofanana. Abambo ankasimba za maulendo ataliatali okasuma chakudya. Amayi, makamaka m'nyimbo zawo za pamtondo, ankakumbukira amuna amene anapita kokasuma osabwerakonso, kuwasiya ndi ana m'manja. Pambuyo pa njala Wenela ndi maulendo a ku Salisbury ndi ku Joni zinapitirirabe, ndipo bambo a mnzathuyu anali mmodzi mwa iwo amene anachoka ndi lonjezo la zaka ziwiri nakhala mtchona wa zaka khumi ndi zinayi. Atabwerera anabwera ndi chifuwa, wailesi ndi ukali. M'zaka za m'ma 1990 Edzi inalowa m'mudzi, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, ndipo mayiwo anaika m'manda ana awo atatu akuluakulu n'kutsala ndi adzukulu oti awadyetse pa njala ya 2002. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023 anali nkhalamba yoyenda ndi ndodo, ndipo anagona masiku angapo m'kalasi ya sukulu. Zonsezi tinazikulunga m'mawu amodzi, monga mmene timakulungira mtembo mu nsalu yoyera, kuti pasaoneke bala.

Makolo athu anati njovu siilemedwa ndi minyanga yake. Mwambiwu ndi wokoma pakamwa pa mayi amene akudzilimbitsa mtima yekha. Umasintha fungo ukatuluka pakamwa pa munthu amene akuwonjezera katundu. Njovuyo sitinaifunsepo. Anatinso sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Mayi athu ambiri asunga khosi zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo mkanda woyerawo timawaveka ali m'bokosi: nkhata zamaluwa, nsalu zofanana za banja lonse, chiliza cha matayilosi chomwe mtengo wake uposa ndalama zonse zimene anagwirapo m'manja mwawo ali moyo.

Sitikufuna kunyoza kupirira. Nyengo ya Lenti yonse yatsamira pa Munthu amene anapirira. Koma Lachisanu lililonse tikamayenda Njira ya Mtanda timaona kuti mitanda siifanana. Ambuye Yesu anasenza wawo mwa kufuna kwawo, akudziwa chifukwa chake. Simoni wa ku Kirene anali kungochokera kumunda, asilikali namugwira, namukakamiza. Eklezia amakumbukira Simoni mwaulemu pa malo achisanu, koma sitinamvepo mlaliki akutamanda asilikali aja poti anamupatsa mwayi wopeza madalitso. Ndipo pa malo achisanu ndi chitatu, pamene amayi a ku Yerusalemu akulira, Ambuye sawayamikira chifukwa cha misozi yawo. Amawatembenuzira ku tsoka lawo lomwe ndi la ana awo. Munthu amene ali pafupi kufa akuona amayi, ndipo chimene akuona ndi mavuto awo. Ife timaona ukoma wawo wokha, chifukwa ukomawo sutiimba mlandu.

Pali mwana mmodzi m'mbiri ya Mpingo amene analemba mbiri ya malemu mayi ake mosiyana ndi mmene timachitira ife. Augustino Woyera, mwana wa mu Africa muno, wobadwira ku Thagaste komwe lero ndi Souk Ahras m'dziko la Algeria, anasimba za Monika Woyera m'buku lake la Confessions. Monika anamwalira ku Ostia, pafupi ndi Roma, m'chaka cha 387, ndipo mwana wake ankamukonda koposa. Komabe Augustino sanabise kuti mayi ake ali mtsikana, akatumidwa kukatunga vinyo, anazolowera kumapsontha mpaka wantchito wina anawanyoza kuti ndi chidakwa. Sanabise kuti bambo ake Patricius anali aukali ndi osakhulupirika m'banja. Anatchulanso akazi ena a m'mudzimo amene ankayenda ndi zipsera kumaso chifukwa cha amuna awo. Chachikulu n'chakuti anadzitchula yekha. Anavomera kuti pofuna kupita ku Roma anawanamiza mayi ake padoko la Carthage, nawasiya akupemphera usiku m'kachisi wa Sipriyano Woyera, iye n'kukwera chombo mozemba. Ndani mwa ife amene anatsazikapo pa Chileka kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi mawu akuti "ndibwera posachedwa" angawerenge ndimeyi mtima uli m'malo?

Pomaliza nkhaniyo Augustino sanalamule kuti mayi ake ali kale kumwamba. Anawapempherera kuti Mulungu awakhululukire machimo awo, napempha aliyense wowerenga kuti akumbukire Monika ndi Patricius pa guwa la Ambuye. Tikuganiza kuti ulemu weniweni ndi umenewu. Anawaona ngati munthu wathunthu, wokhala ndi zofooka, zokhumba ndi mabala, osati chithunzi chopachika pakhoma. Chifukwa cha kunena zoona kwake, patapita zaka zoposa 1,600 Monika timamudziwa bwino kuposa mmene ena a ife tikudziwira agogo athu otibereka.

Apa tiyenera kunena chinthu chimodzi mosapsatira. Augustino akusimba kuti Monika ankalangiza akazi omenyedwa aja kuti agwire lilime lawo pamaso pa amuna awo. Ndi langizo lomwelo limene anankungwi ndi alangizi a pa chilanga mulizi akhala akupereka, lakuti banja ndi kupirira. Monika ndi woyera chifukwa cha chikhulupiriro ndi mapemphero ake, koma langizo ili sitingalipereke kwa ana athu aakazi. Malamulo a Eklezia omwe, pa ndime 1153, amalola mkazi kapena mwamuna kuchoka pamene mnzake akuika moyo wake kapena wa ana pa ngozi yaikulu. Dziko la Malawi nalo linakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006. Koma pa maliro timalankhulabe ngati mayi wabwino ndi uja amene sanauzepo munthu, ndipo atsikana amene akhala pamphasa amamva, nasunga phunzirolo.

Kuno komwe tikukhala kuli mayi wina amene moyo wake umatithandiza kusiyanitsa zinthuzi. Ambiri a ife timadutsa ku New Cross ndi ku Brockley pa basi osadziwa dzina la Sybil Phoenix. Anabadwira ku Georgetown, m'dziko limene lero ndi Guyana, mu 1927, nafika ku England mu 1956. Mkhristu wa mpingo wa Methodist ameneyu, yemwenso anali mlaliki, analera m'nyumba mwake ana ambirimbiri a anthu ena m'dera lino la Lewisham, nayambitsa malo a achinyamata otchedwa Moonshot pa nthawi imene ana achikuda ankakanidwa m'malo ambiri. Mu 1973 analandira ulemu wa MBE. Malo a Moonshot anatenthedwa mu 1977, ndipo mayiyu sanagonje mpaka anamangidwanso. Moto wina wa pa 18 Januwale 1981 utapha achinyamata 13 m'nyumba ina pa New Cross Road, anthu olira ndi okwiya anakasonkhana ku Moonshot komweko. Iye mwini anataya mwana wake wamkazi Marsha pa ngozi ya galimoto, ndipo m'dzina la mwanayo anakhazikitsa bungwe la Marsha Phoenix Memorial Trust, lopereka pogona kwa atsikana osowa kokhala.

Mayi ameneyu anapirira, palibe angatsutse. Koma kupirira kwake kunali ndi pakamwa. Anagogoda pa zitseko za akuluakulu a boma, anatchula tsankho ndi dzina lake, ndipo chisoni chake chinasanduka denga pamwamba pa ana a eni. Tikamuika pambali pa mayi a ku Chiradzulu sitikunena kuti wina aposa mnzake. Onse awiri analera ana osabereka okha, onse awiri anaika mwana m'manda, onse awiri sanasiye kupita ku tchalitchi. Kusiyana kwake n'kwakuti mmodzi anapeza anthu omumvera ndipo mbiri yake inalembedwa, pamene winayo tinamuphunzitsa kuti kukhala chete ndiye korona wake.

Ngakhale Mpingo wa ku Malawi unafika pozindikira kuti chete ali ndi malire. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, kutchula poyera umphawi, malipiro ochepa ndi mantha amene anatseka anthu pakamwa. Mayi a mnzathu anali pamenepo, atakhala kumbali ya amayi. Timanyadira kalata imeneyo mpaka lero. Tikadanyadiranso chimodzimodzi mayi amene angaimirire pa mphakati n'kunena kuti kunyumba kwake zinthu sizili bwino.

Tsopano pali chitsutso chimene sitiyenera kuchilumpha, pakuti ena mwa ife anachinena tsiku lomwelo tikumwa tiyi. Kodi ndife yani, ife amene taphunzira mawu atsopano ku London, kuti tiziweruza moyo wa nkhalamba ngati kuti inangoponderezedwa basi? Mayiwo akadadzuka akadatidzudzula. Kolona yawo siinali mankhwala ogonetsa. Ankadziwa Amene ankamutumikira, ndipo mwina ankamudziwa kuposa ife oimba pa maikolofoni. Chitsutsochi ndi choona, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Kuchitira munthu chisoni chokhachokha nakonso ndi kumuchepetsa. Mthenga Wabwino wa Luka umatiuza za Anna, mneneri wamkazi wokalamba kwambiri, amene anakhala pabanja zaka zisanu ndi ziwiri zokha, natha moyo wake wonse waumasiye m'Nyumba ya Mulungu akusala ndi kupemphera. Wina angati moyo wotere unatayika. Koma ndi iye amene anazindikira Mwana pamene ansembe ndi aphunzitsi a malamulo sanaone kanthu koma banja losauka lobwera ndi nkhunda ziwiri.

Mnzathu uja anatiuza chinthu chimene chinatitsegula maso pa mfundo imeneyi. Kumudzi mayi ake ankaitanidwa ndi dzina la mwana wawo woyamba, kwa apongozi ankadziwika ndi dzina la mwamuna, ku chipatala ndi nambala ya pa kabuku. Ku tchalitchi kokha ndi kumene ankaitanidwa ndi dzina lawo la ubatizo. Ndipo ulendo wa Lamulungu m'mawa, wa ola lathunthu wapansi, unali ulendo wokhawo pa sabata umene ankayenda opanda kanthu pamutu. Choncho chikhulupiriro chawo sichinali mbali ya katundu uja. Chinali chawochawo, chimene anasankha okha sabata ndi sabata kwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, popanda wowakakamiza. Tikasakaniza ziwirizi, kuika Misa imene ankaikonda ndi nkhanza zimene ankazipirira m'thumba limodzi lolembedwa kuti "kudzipereka", timalakwira mayiwo ndipo timalakwiranso Mulungu, chifukwa timamusandutsa mwini wa zipsera zimene anthu anapereka.

Gawo lowawa kwambiri ndi lathu. N'kosavuta kuloza bambo womwalira kale, atsamunda kapena boma. Koma m'kaundula wa amene anasenzetsa amayi athu katundu, maina athu alimo. Ambiri a ife m'kwaya muno timagwira ntchito yosamalira okalamba. Timadzuka mdima kukasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza mayi a anthu ena ku Sydenham, ku Forest Hill ndi ku Bromley, timadziwa mankhwala awo onse pamtima ndi mmene amakondera tiyi wawo, pamene mayi athu akusambitsidwa ndi mdzukulu wa zaka khumi ndi ziwiri asanapite kusukulu. Enafe tinawasiyira ana athu omwe. Chiyambire Malichi 2024, pamene boma la kuno linaletsa obwera kumene pa ntchito yosamalira anthu kubwera ndi mabanja awo, agogo enanso ambiri alandira ana pa msinkhu umene anayenera kupuma. Timawaimbira foni n'kufunsa ngati ana akudya, ngati ndalama ya pa Mukuru yafika, ngati feteleza wagulidwa. Ndi kangati tinafunsapo kuti, "Nanga inuyo, amayi, mwatopa?" Timaopa yankho lake, chifukwa likhoza kutifuna kuti tisinthe kanthu.

Sitikunena kuti kubwera kuno ndi tchimo. Ndalama zathu zafolera nyumba ndi malata, zagula mankhwala a BP, zaphunzitsa abale athu, ndipo amayi ambiri anatidalitsa ndi mtima wonse pochoka. Komabe Ambuye, m'mutu 7 wa Mthenga Wabwino wa Marko, anadzudzula anthu amene ankatcha chuma chawo kuti chaperekedwa kwa Mulungu pofuna kuzemba udindo wosamalira makolo. Chinyengo chake chinali kugwiritsa ntchito mawu oyera pophimba ngongole. Mawu akuti "mayi wopirira" akhoza kugwira ntchito yomweyo. Tikamutcha woyera ndiye kuti sitimukongola kanthu, pakuti mphotho yake ili kumwamba. Pamtanda pomwe, Ambuye athu sanawauze mayi awo kuti alimbe mtima. Anawapezera nyumba ndi munthu wowasamala.

Lamulungu lachinayi la Lenti likubwerali ndi Mothering Sunday kuno ku England. Kwathu tsiku la anakubala ndi 15 Okutobala, choncho ambiri a ife timangoliona m'masitolo a pa Lewisham High Street, pansi pa nsanja ya tchalitchi cha St Saviour, maluwa ndi makadi zitadzaza. Chiyambi chake chinali chakuti anthu ankabwerera ku tchalitchi chimene anabatizidwirako, ndipo anyamata ndi atsikana ogwira ntchito m'nyumba za olemera ankapatsidwa tsikulo kuti akaone mayi awo. Linali tsiku la antchito okhala kutali ndi kwawo, tsiku la anthu onga ife. Iwo ankayenda wapansi n'kufika tsiku lomwelo. Ife ulendo wake ndi wa ndege ziwiri ndi malipiro a mwezi wathunthu, ndipo kawirikawiri timausungira maliro.

Mnzathu uja sanathe kupita. Patapita masiku anayi anaimbira foni mayi ake aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, amene tsopano ndi okhawo otsala a m'badwo umenewo. Sanafunse za chipepeso kapena za chiliza. Anawapempha kuti amuuze za mayi ake asanakhale mayi a wina aliyense. Nkhalambayo inayamba yaseka. Inati malemuwo anali katswiri wovina ali mtsikana, wolongolola, wosafuna kugonja pa mtsutso. Anasiya sukulu chaka cha njala chija ndipo sanaiwale, moti atakula ankatenga mabuku a adzukulu usiku n'kumatsatira zilembo ndi chala. Tsiku lina, mwamuna wawo atabwera ataledzera n'kukweza dzanja pa mwana, anamutsekera kunja mpaka tambala woyamba, m'mawa mwake n'kupita okha kwa ankhoswe. Mnzathuyo wakhala zaka makumi asanu padziko osadziwa chilichonse mwa zimenezi. Anatiuza akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

M'sutikesi ya malemu anapezamo zitenje zisanu ndi chimodzi zimene mwana wawo anatumiza kuchokera kuno, zonse zosavala, zopindidwa bwino, pamodzi ndi khadi la ubatizo lothetheka m'mphepete. Tapereka dzina la pa khadilo kwa bambo mfumu kuti litchulidwe pa Misa ya Lamulungu likubwerali, ndipo kwaya idzaimba. Mnzathuyo wati Loweruka aimbanso foni kwa mayi aang'ono aja, ulendo uno ali ndi kope ndi cholembera, chifukwa nkhani ya mbuzi ya a mfumu sanaimalize pamene mayunitsi anatha.